KUSAMALA MWANA WA KAVALO WODWALA M'CHIFUWA KU MANGOCHI

Kavalo ndi nyama imene ambiri a ife tinayamba kuiona pa chithunzi cha m'buku la kusukulu, kapena kuimva ikutchulidwa m'mabuku opatulika. Mwana wa ku Makanjira, ku Malindi kapena ku Monkey Bay angathe kukula mpaka kumanga banja asanamvepo mgugu wa ziboda zake. Ng'ombe timazidziwa, mbuzi ndi nkhosa zili ponseponse m'boma la Mangochi, koma kavalo ndi mlendo. Ngakhale dzina lake lomwe ndi lobwereka, pakuti mawu akuti "kavalo" ndi "bulu" anachokera ku Chipwitikizi.

Komabe akavalo alipo m'dziko muno, ngakhale ndi owerengeka. Akhala akusungidwa pa phiri la Zomba, m'maesiteti ena, ndiponso ku Kande m'boma la Nkhata Bay kumene alendo akhala akuwakwera m'mbali mwa nyanja. Abale awo, abulu, ndiwo amakoka ngolo ku Dedza ndi ku Lilongwe. Tsono popeza gombe la Mangochi ndi limodzi mwa malo amene alendo amakonda kwambiri, sichingakhale chodabwitsa ngati mnyamata kapena mtsikana wotsiriza sukulu atapatsidwa ntchito yoyang'anira kavalo ndi mwana wake. Ntchitoyi ndi yolemera. Kavalo wamkazi amakhala ndi bere miyezi 11 nabereka mwana mmodzi yekha, ndipo mwanayo angathe kufa ndi matenda a m'chifuwa pakati pa kutuluka ndi kulowa kwa dzuwa la tsiku limodzi.

Chimene tifuna awerengi athu agwire m'nkhani ino nchakuti matenda a m'chifuwa a mwana wa kavalo ali ndi nyengo zake. Ena amadza ndi mvula, ndipo alibe mankhwala. Amenewa ngofunika kuwatsekera khomo asanafike. Ena amadza ndi fumbi la chilimwe. Amenewa mankhwala ake alipo, koma amabisala mpaka nthawi itatha. Munthu wodziwa kusiyanitsa awiriwa, amenenso amayang'ana chiweto chake tsiku ndi tsiku, ndiye amapulumutsa mwana wa kavalo.

Zigwa zimene zinakana akavalo

Kusowa kwa akavalo m'zigwa zotentha za kuno kwathu ndi nkhani yakale. M'chaka cha 1569 mfumu ya ku Portugal inatuma msilikali wotchedwa Francisco Barreto ndi gulu lalikulu la nkhondo kuti akalande migodi ya golide ya Mwenemutapa. Gululo linakwera mtsinje wa Zambezi nkufika ku Sena chakumapeto kwa 1571 lili ndi akavalo ake. Posakhalitsa akavalowo anayamba kufa. Wansembe amene anali nawo paulendowo, Francisco Monclaro, analemba za imfazi, ndipo iye ndi anzake anakhulupirira kuti amalonda achisilamu a ku Sena ndiwo anathira chiphe. Amalondawo anaphedwa mwankhanza pa mlandu umene sanapalamule, pakuti akatswiri a masiku ano amati chinapha akavalowo ndi matenda ofalitsidwa ndi tizirombo touluka ta m'chigwacho. Phunziro lake likadali lamoyo: munthu akapanda kudziwa chimene chapha chiweto chake, amathamangira kuloza chala mnansi wake.

Chigwa cha Shire ndi cha nyanja yathu chinali chimodzimodzi. Pamene David Livingstone anafika pa Nyanja ya Malawi mu Sepitembala 1859, pafupi ndi pamene Shire amatulukira, anafika wapansi. Boma la Fort Johnston, limene lero ndi Mangochi, litakhazikitsidwa mu 1891, katundu ankayenda pamutu pa amtengatenga ndi m'sitima za pamadzi, ndipo akuluakulu a boma ankanyamulidwa m'machila. Mu 1895 David Bruce, akugwira ntchito ku Zululand, anasonyeza kuti kashembe ndiye amanyamula kachirombo kamene kamaondetsa ndi kupha ng'ombe ndi akavalo. Koma kashembe amapha pang'onopang'ono kudzera m'magazi. Matenda amene tikambe pano ndi a mapapo, ndipo kuti tiwamvetse tiyambe taona mmene kavalo wamoyo amapumira.

Wotchi, themometa ndi kope

Kavalo amapumira m'mphuno mokha. Sangathe kupumira kukamwa monga achitira munthu kapena galu, motero chotchinga chilichonse m'mphuno kapena pakhosi nchoopsa kwa iye. Kavalo wamkulu atangoima phee amapuma ka 8 mpaka ka 16 pa mphindi imodzi. Mwana wa milungu yowerengeka amapuma mofulumirapo, ka 20 mpaka ka 40. Kutentha kwa thupi la wamkulu kumakhala pakati pa madigiri 37.5 ndi 38.5, pamene kwa mwana kumatha kufika 38.9 popanda vuto. Kukapitirira madigiri 39, chinthu chalakwika.

Nchifukwa chake zida zoyamba za wosamala kavalo ndi zitatu: wotchi, themometa ndi kope. M'mawa uliwonse kusanatenthe, imani chapatali pang'ono, yang'anani m'nthiti mwa mwanayo, werengani kupuma kwake kwa theka la mphindi nimuchulukitse kawiri. Kenaka, wina atamugwira bwino, lowetsani themometa kotulukira ndowe inu mutaima chakumbali kuopa kukankhidwa ndi mwendo. Lembani manambala onse awiri m'kope pamodzi ndi tsiku. Ntchitoyi imaoneka ngati yachabechabe pamene chiweto chili bwino, koma kuona maso a nkhono nkudekha. Amene ali ndi manambala a dzulo ndi dzana ndiye amazindikira msanga kuti a lero asintha.

Palinso zizindikiro zimene maso amaona. Mwana wodwala amatukula mphuno zake kwambiri popuma, amapuma ndi mimba, amatsokomola, amatuluka mamina, amagona nthawi yaitali, ndipo amatsalira m'mbuyo mayi wake akamayenda. Chizindikiro china chili pa mayiyo. Mwana wamoyo amayamwa kangapo pa ola limodzi, kotero bere la mayi wake limakhala lofewa. Mukaona bere litadzaza, mkaka ukudontha wokha kapena utaumira pamphumi pa mwanayo, dziwani kuti akupita kubere koma sakuyamwa. Mkaka wotulukira m'mphuno nawonso ndi woopsa, chifukwa umasonyeza kuti wina ukulowera m'njira ya mpweya.

M'mera mpoyamba

Mwana wa kavalo amabadwa wopanda chitetezo cha m'magazi. Chitetezo chake chonse amachilandira mu mkaka woyamba, wachikasu ndi wonanda uja, umene mayi amatulutsa atangobereka. Matumbo a mwanayo amatha kulowetsa chitetezochi m'magazi kwa maola ochepa okha: bwino kwambiri m'maola 6 mpaka 12 oyamba, ndipo pofika maola 24 njirayo yatsekeka. Mwana wobadwa bwino amaimirira pasanathe ola limodzi ndipo amayamwa pasanathe maola awiri. Ngati maola atatu apita asanayamwe, kamani mayiyo m'chiwiya choyera, mupatse mwanayo ndi botolo ataimirira kapena atagona chamimba, ndipo itanani dokotala wa ziweto. Ana ambiri amene amadwala chibayo m'milungu yoyamba ndi amene anaphonya mkaka umenewu. Mchombo nawonso ndi khomo la tizirombo, ndipo uyenera kutsukidwa ndi mankhwala ophera tizirombo amene dokotala angalangize.

Mdani wa m'dzinja

Walira mvula walira matope, ndipo kwa kavalo matopewo ndiwo amabala imfa. Matenda oopsa koposa onse a kavalo kuno ku Afrika amatchedwa African horse sickness. M'zaka za 1854 ndi 1855 anapha akavalo pafupifupi 70,000 ku Cape, ku South Africa. Anthu ankaganiza kuti gwero lake ndi mame kapena mpweya woipa wa usiku, popeza ankaona kuti akavalo ogona m'khola amapulumuka pamene ogona padambo amafa. M'zaka za 1900 ndi 1901 John McFadyean ndi Arnold Theiler anapeza kuti choyambitsa ndi kachirombo kakang'onong'ono ka mtundu wa vairasi, ndipo mu 1944 René du Toit wa ku Onderstepoort anasonyeza kuti kamafalitsidwa ndi tintchentche toluma totchedwa Culicoides.

Tintchentcheti ndi tating'ono kwambiri, mamilimita 1 mpaka 3, kotero timadutsa m'mabowo a masikito wamba. Tisatisokoneze ndi nkhungu zija zimatuluka panyanja ngati utsi, pakuti nkhungu siziluma. Timaswana m'dothi lonyowa losakanizika ndi ndowe, m'mphepete mwa madambo ndi pansi pa mipopi yodontha, ndipo timaluma makamaka kuyambira chakumadzulo mpaka m'mamawa. Ku mapiri ozizira a ku South Africa chisanu choyamba chikagwa tintchentcheti timafa ndipo matenda amaleka. Ku Mangochi chisanu chotere kulibe. Gombe lake lili mamita osakwana 500 pamwamba pa nyanja yamchere, ndi lotentha, ndipo m'mbali mwa Shire, mwa Nyanja ya Malombe ndi mwa nyanja yaikulu dothi silimauma chaka chonse. Ngozi imakula chakumapeto kwa dzinja, koma siimatheratu ngakhale mvula itasiya.

Matendawa amabwera m'maonekedwe angapo, ndipo awiri aakulu Mabunu anawapatsa maina. Oyamba ndi dunkop, kutanthauza mutu woonda, amene amagwira mapapo. Thupi limatentha mpaka madigiri 40 kapena 41, kavalo amaima atatangadza miyendo, khosi atatambasula, thukuta lili kamukamu, akupuma koposa ka 50 pa mphindi. Mapapo amadzaza madzi, thovu limatuluka m'mphuno, ndipo imfa imadza m'maola ochepa. Mwa akavalo 100 ogwidwa motere, oposa 95 amafa, ndipo ana opanda chitetezo ndiwo amagwidwa motere kawirikawiri. Achiwiri ndi dikkop, mutu wonenepa, amene amagwira mtima. Timaenje tija tili pamwamba pa maso a kavalo timatupa, kenaka mutu ndi khosi, ndipo pafupifupi theka kapena kuposerapo amafa.

Kavalo sapatsira mnzake matendawa pokhudzana. Pamafunika kantchentche pakati pawo. Mbidzi ndi abulu a kuno ku Afrika amatha kukhala ndi kachiromboka m'magazi kwa milungu ingapo osaoneka kudwala. Mu 1987 matendawa analowa ku Spain kudzera mwa mbidzi zochokera ku Namibia, ndipo mu 2020 anapha akavalo mazana angapo ku Thailand. Wosunga kavalo kummwera kwa boma la Mangochi akumbukire kuti m'nkhalango ya Liwonde, imene imafika ku Nyanja ya Malombe, muli mbidzi.

Mankhwala ochiza kulibe. Chimene chilipo ndi katemera, wopangidwa ku Onderstepoort, amene amabayidwa kawiri motalikirana milungu itatu, chaka ndi chaka, m'miyezi youma mvula isanayambe. Katemerayu ayenera kusungidwa pozizira kuyambira kumene wachokera mpaka tsiku lobaya, ndipo sabayidwa kwa chiweto chimene chadwala kale. Mwana wa mayi wotemeredwa amatetezedwa ndi mkaka woyamba uja kwa miyezi 3 mpaka 6, ndipo iye mwini amabayidwa akakwanitsa miyezi 6. Apa pali samu yofunika kuiwerengera. Mwana wobadwa mu Sepitembala chitetezo cha mayi wake chimamuthera pakati pa Disembala ndi Malichi, ndiko kuti mkati mwenimweni mwa dzinja. Mwana wotere ngofunika kumusamala koposa, ndipo nkwanzeru kuti mwini ziweto akambirane ndi dokotala za mwezi wokweretsa kavalo wamkazi kuti mwana asadzabadwe pa nthawi yoipa.

Chitetezo chachiwiri ndi khola. Mayi ndi mwana alowe m'khola kutatsala maola awiri kuti dzuwa lilowe, ndipo atuluke patapita maola awiri dzuwa litatuluka. Mazenera ndi zitseko ziphimbidwe ndi nsalu ya sefa yolukidwa mothinana, yonga imene amaphimbira nazale ya mitengo, yopoperedwa mankhwala ophera tizirombo touluka. Kumene kuli magetsi, fani imathandiza kwambiri chifukwa tintchentcheti sitilimba pamphepo. Khola limangidwe pamtunda, kutali ndi bango ndi dambo, ndipo ndowe za ng'ombe zisaunjikidwe pafupi. Amene anaona mmene nyanja inasefukira m'malo ambiri a gombe la Mangochi m'chaka cha 2024 adziwa kuti malo ooneka ouma chaka chino angathe kukhala thope chaka chamawa.

Mukaganizira kuti matendawa afika, musamuyendetse wodwalayo ngakhale pang'ono, pakuti kuyenda kumafulumizitsa imfa. Muikeni pamthunzi, nimutumize uthenga ku ofesi ya zaziweto nthawi yomweyo, chifukwa awa ndi matenda amene maiko amadziwitsana. Akafa, mtembo uwotchedwe kapena ukwiriridwe mozama. Agalu akadya nyama yake nawonso amadwala nkufa.

Mdani wa m'chilimwe

Mvula ikatha, mwera nkuomba, udzu nkuuma, bwalo la khola limasanduka fumbi. M'fumbi limeneli, makamaka losakanizika ndi ndowe zouma za akavalo, mumakhala kachirombo ka mtundu wa bakiteriya kotchedwa Rhodococcus equi, kamene kanapezeka koyamba ku Sweden mu 1923 ndi dokotala wa ziweto dzina lake Magnusson. Kamachulukana bwino m'dothi lotentha. Kavalo wamkulu kamamulephera, koma mwana akakapumira m'milungu yoyamba ya moyo wake kamakhazikika m'mapapo nkuyamba kupanga zithupsa zodzaza mafinya. Matenda amaonekera mwanayo ali ndi mwezi umodzi mpaka miyezi 6.

Kuopsa kwa chibayo chimenechi ndi kubisala kwake. Ndi chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mwanayo amayamwa, amasewera, ubweya uli see, pamene zithupsa zikukula mwakachetechete. Pofika tsiku limene wayamba kubanika poyera, mbali yaikulu ya mapapo yaonongeka kale. Apa mpamene kope lija limapindula. Kutentha kwa thupi kokwera pang'ono masiku awiri otsatizana, kupuma kofulumirapo kuposa mlungu watha, kutsokomola pamene wadzuka kapena wathamanga: izi zokha nzokwanira kuitanira dokotala. Iye amamvetsera m'chifuwa, amapima magazi, ndipo ngati ali ndi makina ounikira m'thupi amatha kuona zithupsazo.

Mankhwala ake alipo, koma amafuna kupirira. Madokotala amaphatikiza mankhwala a gulu la erythromycin kapena azithromycin ndi ena otchedwa rifampicin, ndipo amaperekedwa tsiku ndi tsiku kwa milungu inayi kapena kuposerapo, nthawi zina mpaka miyezi iwiri kapena itatu. Kusiya pakati chifukwa mwana waoneka bwino ndiko kubweza matenda. Pali zinthu zitatu zoyenera kusamala. Choyamba, mankhwala a gulu la erythromycin amachepetsa thukuta, ndipo kavalo amaziziritsa thupi lake ndi thukuta. Mu Okutobala ndi Novembala, pamene kutentha ku Mangochi kumapitirira madigiri 35, mwana wolandira mankhwalawa akasiyidwa padzuwa angathe kufa ndi kutentha matenda ake akuchira. Akhale pamthunzi usana wonse, ndipo thupi likatentha mumuthire madzi ozizira. Chachiwiri, mayi akanyambita mankhwala otsalira pamlomo pa mwana angathe kutsekula m'mimba koopsa, choncho pukutani mlomo wa mwana ndi kusamba m'manja mukatha kumwetsa. Chachitatu, rifampicin ndi mmodzi mwa mankhwala amene amachiza chifuwa chachikulu cha anthu. Kutenga mapiritsi a munthu wodwala nkupatsa chiweto ndiko kuika moyo wa munthuyo pachiswe. Mankhwala a chiweto achokere kwa dokotala wa ziweto basi.

Tiwonjezere kuti kachirombo kameneka kamatha kugwira munthu amene chitetezo cha thupi lake chatsika kwambiri. Munthu wotere asapatsidwe ntchito yosesa khola lafumbi kapena yosamala mwana wodwalayo.

Kupewa kwake nkwapafupi. Ndowe ziwoledwe tsiku lililonse nkukatayidwa kutali. Ana asaunjikidwe m'bwalo limodzi lopanda udzu. Bwalo liwazidwe madzi pang'ono m'mawa kuti fumbi ligone, koma osafika popanga thope, chifukwa thope ndilo nyumba ya mdani wa m'dzinja uja.

Zina zotsokomoletsa

Si chifuwa chilichonse chimene chili chimodzi mwa ziwirizi. Pali matenda opatsirana otchedwa strangles, amene amatupitsa anabere a pansi pa chibwano mpaka kuphulika, mamina nkukhala olimba ngati mafinya. Amenewa amayenda ndi ndowa, zingwe, manja ndi zovala. Palinso chimfine cha akavalo chimene chimafala ngati moto wolusa pakafika chiweto chachilendo. Nchifukwa chake kavalo wobwera kumene ayenera kukhala payekha milungu itatu asanasakanizidwe ndi anzake.

Njoka za m'mimba nazo zimatsokomoletsa. Ana a njoka zazikulu zoyera zimene zimakonda ana a akavalo amadutsa m'chiwindi ndi m'mapapo asanakhazikike m'matumbo. Palinso njoka za m'mapapo zimene bulu amakhala nazo osatsokomola konse, koma kavalo wodya naye msipu umodzi amatsokomola miyezi. Bulu ndi wopirira ndipo amabisa ululu wake; bulu amene wangoima duu osadya ndi wodwala kwambiri kuposa mmene akuonekera. Kumene abulu ndi akavalo akhalira pamodzi, onse alandire mankhwala a njoka, ndipo dokotala ndiye asankhe mtundu wake ndi muyeso wake.

Kudwazika

Mankhwala okha sachiza. Wodwazika ndiye amachita mbali yaikulu. Mwana wodwala asalekanitsidwe ndi mayi wake, koma awiriwo apatulidwe kwa ziweto zina, akhale ndi ndowa yawo ndi chodyera chawo. Wowasamala ayambe wathana ndi ziweto zamoyo, odwala awafikire pomaliza.

Khola likhale lotchinga tintchentche koma lopita mphepo. Kutseka mazenera ndi malata kapena masaka poganiza kuti wodwala akumva kuzizira nkulakwitsa, chifukwa mpweya wa mkodzo umapsereza njira za mpweya. Mpweya umenewu umachuluka pansi, pamene mwana amagoneka mphuno zake, ndipo munthu woimirira saumva. Gwadani pakati pa khola nimununkhize. Maso akayamba kuwawa, zogonera nzofunika kusintha. Utsi nawonso ndi mdani. Ambiri amasonkha moto wa ndowe kapena wa masamba pofuna kuthamangitsa udzudzu, koma kwa mapapo odwala utsiwo ndi chiphe.

Chakudya chiikidwe pansi kuti mutu uzolike ndipo mamina azitsika okha. Udzu wouma uviikidwe m'madzi kwa kanthawi kuti fumbi lichoke, ndipo udzu kapena madeya ochita chuku atayidwe. Madzi oyera akhalepo usana ndi usiku, a mayi ochuluka chifukwa mkaka umafuna madzi. Mphuno zipukutidwe ndi kansalu konyowa. Mwana wofooka amene wagona chammbali adzutsidwe kuti agone chamimba, nkumutembenuza pakapita maola awiri alionse, pakuti phapo limene lili pansi silikoka mpweya bwino. Athandizidwenso kuimirira kuti ayamwe.

Pali zinthu zitatu zimene chifundo chopanda nzeru chimachita. Choyamba ndi kukweza mutu wa chiweto nkuchithira madzi, phala kapena mankhwala azitsamba kukamwa ndi botolo. Chiweto chobanika sichimeza bwino. Zothiridwazo zimalowa m'mapapo nkuyambitsa chibayo choposa choyamba. Chachiwiri ndi kugwiritsa ntchito za ng'ombe ndi za nkhuku. Dipi wa ng'ombe wokhala ndi amitraz amaumitsa matumbo a kavalo, ndipo zakudya za nkhuku kapena za ng'ombe zokhala ndi monensin zimaononga mtima wake ngakhale atadya pang'ono. Chachitatu ndi kufulumira kumutulutsa. Mapapo amachira mochedwa kuposa maonekedwe a thupi, choncho ngakhale kutentha kutatsika mwana apumule milungu ingapo asanaloledwe kuthamanga.

Kumene thandizo lili

Boma la Mangochi lili pansi pa chigawo cha zaulimi cha Machinga, ndipo khomo loyamba kugogoda ndi la mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu kapena ofesi ya zaziweto ya paboma. Magazi ndi zina zofunika kupima zimatumizidwa ku labotale yaikulu ya zaziweto ku Bwemba, mu Lilongwe. Popeza akavalo ndi ochepa, katemera ndi mankhwala awo sapezeka m'sitolo iliyonse, ndipo madokotala ozolowera akavalo amakhala kutali ndi gombe. Wanzeru amadziwana ndi dokotala chiweto chisanadwale, amasunga nambala yake ya lamya, ndipo amaitanitsa katemera miyezi ingapo nthawi yake isanakwane. Poimba lamya, manambala a m'kope aja ndiwo maso a dokotala amene ali ku Blantyre kapena ku Lilongwe. Kunena kuti "mwana sakuoneka bwino" sikumuthandiza. Kunena kuti dzana anali 38.4, dzulo 38.9, lero 39.6, ndipo akupuma ka 52, kumamuuza chochita.

Kwa aphunzitsi, nkhaniyi ndi phunziro la sayansi ndi samu limene silifuna zipangizo zodula. Ana angathe kuphunzira kuwerenga kupuma kwa mbuzi kapena mwana wa ng'ombe wa pakhomo pawo, kulemba manambala ake mlungu wathunthu, ndi kufunafuna malo onyowa ozungulira khola. Luso limeneli ndi limodzimodzi kwa kavalo, bulu ndi ng'ombe. Kwa otsiriza sukulu amene mtima wawo uli pa ziweto, sukulu ya Mikolongwe ku Chiradzulu yakhala ikuphunzitsa alangizi a ziweto kwa zaka zambiri, ndipo yunivesite ya LUANAR ku Lilongwe imaphunzitsa madokotala ake.

Asilikali a Barreto anataya akavalo awo ndi kukhetsa magazi a anthu osalakwa chifukwa sankadziwa mdani wawo. Ife tikumudziwa dzina lake, malo amene amaswana, ndi maola amene amaluma. Chotsala ndi mwambo wa tsiku ndi tsiku: mkaka woyamba m'maola oyamba, katemera mvula isanagwe, khola dzuwa lisanalowe, ndowe kuwola m'mawa, ndi manambala awiri m'kope.